Mpando wa Amake Nesi

Anthu ankawatcha a Manzere chifukwa cha kagalimoto kawo. Kanali kakalekale, kofiira, ka mipando iwiri yokha, kotsika ngati kakununkhiza msewu, denga lake la lona lochita kupinda ndi manja. Kanapangidwira maiko amene galimoto zimayenda mbali ya kumanja, choncho chiwongolero chake chinali kumanzere. Kuno galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, woyendetsa n'kukhala kumanja kuti aziona zobwera kutsogolo. A Manzere okha ndi amene ankayendetsa atakhala mbali ya ngalande. Akafika kumbuyo kwa lole ankangoona nambala ndi matope a m'matayala, basi.

Iwo anali makaniko wa zaka zambiri, ndipo kusamutsa chiwongolero si ntchito imene ikanawasowetsa tulo. Koma mukuwadziwa amakaniko: za eni amakonza lero, zawo mawa, ndipo mawa la a Manzere linatha zaka makumi atatu. Komanso sankaona chifukwa, pakuti kumanjako maso analiko kale. Lamlungu lililonse masana akazi awo, amake Nesi, amene anali telala, ankavundikira makina awo osokera, n'kumanga mpango kumutu, n'kukakhala pampando wa kumanja. Akapeza lole ikukwawa, a Manzere ankasendera pang'ono kumzere wapakati, mayiwo n'kusuzumira. Kukakhala koyera ankagogoda dashibodi kawiri ndi chala cha mphete, ko ko, ndipo a Manzere ankaponda moto osaona kanthu kutsogolo. Kukakhala kukubwera galimoto ankangoika dzanja pabondo la amuna awo. Sanalakwitsepo n'kamodzi komwe. Pagalaja a Manzere ankadzitama kuti iwo amayendetsa ndi maso obwereka, ndipo mwini wake sawaitanitsa.

Amake Nesi anamwalira Lachitatu lina atagona m'chipatala masiku anayi okha. A Manzere sanalire. Ena pamaliro anati bambowa ndi olimba mtima, ena ananong'onezana zina, poti pakamwa pa anthu sipasowa chonena. Onsewo analakwitsa. A Manzere sankadzilimbitsa. Ankadikira kuti chisoni chifike, monga mmene munthu amadikirira basi, koma sichinabwere. M'chifuwa munali zii. Mtima unachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukautsina ukudziwa kuti ndi wako, koma sukumva kanthu. Ankadya akapatsidwa, ankasamba akakumbutsidwa, ndipo m'mawa ankatsegula galaja pa nthawi yake.

Patatha milungu itatu, Lamlungu masana, anapezeka atapinda lona n'kuliza kagalimoto, chifukwa n'zimene manja awo ankadziwa kuchita tsiku limenelo. Atatuluka m'tauni anapeza lole ya simenti ikuvutika ndi mtunda. Anasendera kumzere wapakati n'kudikira. Sanamve ko ko. Sanamvenso dzanja pabondo. Ndiye mutu wawo, umene unazolowera mayankho awiri okha, unati ngati dzanja palibe ndiye kuti kuli bwino. Anaponda moto. Kutsogolo kunali basi. Anabwezera chiwongolero kumanzere, basi ija n'kuthyola galasi la kumanja n'kupita ikulira hutala, iwo n'kukaima m'ngalande. Anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Anthu atathamangirako anawapeza ali phee, manja pachiwongolero, akuyang'ana pamene panali galasi ngati akuganiza kumene angapeze lina. Ndipo n'zimenedi ankaganiza.

Mawa lake kunabwera Nesi, mwana wawo mmodzi yekhayo. Dzinali anamupatsa ali ndi zaka zinayi chifukwa chomanga mabandeji masipanala a bambo ake, ndipo atakula anakakhaladi nesi, ngati kuti dzina linamulamula. Anafika ali mu yunifolomu, osakhala pansi. Anapita kuseri kwa chitseko cha kukhitchini n'kuchotsa makiyi pamsomali.

"Ababa, makiyi ndatenga."

"Ndaona."

"Ndangoika amayi kumene. Sindikufuna kuikanso wina."

"Ndamva."

"Musamangoti ndaona, ndamva. Bola mundikalipire."

A Manzere anafufuza mkwiyo m'kati mwawo ngati munthu wopisa m'matumba, koma sanaupeze. Nesi anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo. Anati pali bambo wina wosonkhanitsa galimoto zakale, ndipo amuna ake alankhula naye kale; kutha kwa mwezi abwera ndi ngolo kudzakatenga. Ngati bambo ake akufuna kuti kagalimotoko kakhale, chiwongolero chipite kumanja ngati galimoto za anthu ena onse. Akamaliza, awiriwo akayende limodzi kuti iye aone ndi maso ake. Akakhutira, makiyi abwerera pamsomali.

"Kumanja ndi kwa amako," anatero a Manzere.

"Amayi kulibe, ababa."

Makina osokera anali atapita kwa alamu a bambowo, zovala zinali zitagawidwa, ndipo m'nyumba munatsala fungo la sopo lokha. Chinthu chimodzi chimene a Manzere ndi akazi awo ankachitira limodzi chinali kagalimoto kaja. Kuti kakhale, anayenera kuphwasula malo a akazi awo ndi manja awo, n'kukhalapo iwo. Akapanda kutero, kapita konse, mpando ndi zonse. Anaona mbali zonse ziwiri bwinobwino ngati akuona zitsulo ziwiri patebulo, ndipo palibe imene inawalasa mtima. Anangoti, "Masiku atsala angati?" Nesi anati makumi awiri ndi limodzi.

Kulanda makaniko makiyi kuli ngati kutsekera mphaka chitseko zenera lili pululu. A Manzere akanatha kukaliza ndi kawaya kamodzi. Koma sanatero. Anaitana mnzawo wa galaja yoyandikana nayo, mkulu wowotcherera zitsulo amene aliyense ankamutcha a Mbaliwali, ndipo madala awiriwo anakakankha kagalimotoko kuchokera kunyumba mpaka kugalaja, akupumira pa mtengo uliwonse wa magetsi.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikukuuzani, achimwene," anatero a Mbaliwali akupukuta thukuta ndi chipewa. "Mwadikira mpaka msana wanga utathe ntchito."

"Msana wanu unatha ntchito musanabadwe."

A Manzere anayankha chonchi chifukwa ndi mmene ankayankhulirana nthawi zonse. Mawuwo anatuluka okha, koma kuseka sikunatsatire, ndipo a Mbaliwali anavala chipewa chawo n'kuyambanso kukankha.

Ntchitoyo inawayenera a Manzere chifukwa sinkafuna mtima. Inkafuna manja, tepi ndi choko. Anakweza kagalimotoko pa majeke, anachotsa batire, anamasula chiwongolero ndi ndodo yake yonse. Waya uliwonse umene ankadula ankaumata kapepala kolembapo kumene ukupita. Mabawuti ankawaika m'zitini za utoto, chitini chilichonse ndi mbali yake. Makasitomala obwera ndi galimoto zawo ankauzidwa kuti abwere mwezi wamawa, ndipo poona nkhope ya bambowo sankalimbikira.

Tsiku lachitatu anatulutsa raki, chitsulo chachitali cha mano chija chimene chimakhotetsa matayala akutsogolo. A Mbaliwali anachinyamula n'kuchitembenuza, kumanzere kukhala kumanja.

"Si izi? Ingochitembenuzani chomwechi, muchimange. Kukagulanso china n'kudzivutitsa."

"Ndikachitembenuza, ndizikhotera kumanja kagalimoto kakupita kumanzere."

"Nanga si mmene mwayendera moyo wanu wonse?"

"Pitani mukawotcherere mageti a eni."

Anayenda masiku awiri kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa, mpaka anapeza raki ya kumanja pa kagalimoto kena ka mtundu womwewo kamene kanali katamera udzu m'kati. Anatenganso bokosi la mapedulo ndi mapaipi a mabuleki. Wogulitsayo anawapepesa za maliro, iwo n'kumufunsa ngati ali ndi galasi la kumanja.

Kenako inafika nthawi ya dashibodi. Inali yathabwa, yopakidwa vanishi, ndipo mawotchi ake onse, la liwiro, la mafuta ndi la kutentha, anayenera kusamukira kumanja kumene kunali kabokosi koikamo tinthu. A Manzere anatsegula kabokosiko n'kukhuthulira zam'kati m'katoni. Munali tepi ya telala, mapini m'kachitini, mpango wina wabuluu, ndi masiwiti a jinja ambirimbiri, ena atasungunuka n'kumatirana. Sankadziwa kuti akazi awo ankakonda jinja. Kunyumba sanawaonepo akudya. Anaika katoniyo pashelefu pafupi ndi mafuta a giya.

Pamwamba pa kabokosiko panali pamene mphete inkagogoda. Vanishi anali atatha, thabwa litayera n'kulowa pang'ono, kukula kwake ngati batani la jekete. Atayeza anapeza kuti bowo la wotchi ya liwiro likudutsa pomwepo. A Mbaliwali, amene anabwera kudzabwereka nyundo imene sankaifuna, anaona choko n'kukhosomola.

"Mukhoza kusendeza pang'ono, achimwene. Wotchi sidandaula."

"Ikasendera ibisika ndi chiwongolero."

Anaboola. Kathabwa kozungulira kanagwa pansi n'kugubuduka mpaka kunsi kwa benchi. A Manzere anaima akumvetsera m'chifuwa mwawo, monga mmene ankamvetserera injini ya kasitomala, kuti mwina china chake chigogoda. Munali chete. Anauzira utuchi ndi pakamwa n'kuyesa wotchi m'bowomo, ndipo inalowa bwinobwino.

Mpando wokha ndi umene unawakanika. Amake Nesi anali aafupi, ndipo tsiku loyamba lenileni anaukokera kutsogolo mpaka pamapeto. Kuyambira pamenepo palibe anausunthapo. Njanji zake zinali zitagwirana ndi dzimbiri ngati chitsulo chimodzi. A Manzere anathira mafuta, anagogoda ndi nyundo, anathiranso. Mpando uli nji. A Mbaliwali anati abweretse moto, autenthe pang'ono umasuka. A Manzere anati mawa, ndipo mawa lake anatinso mawa.

Sabata yachiwiri ikutha anafika pa mapedulo. Pa ntchito imeneyi chilichonse chimatembenuka, za kumanzere kupita kumanja, kupatula mapedulo okha. Kilachi, buleki, moto: amakhala mu ndondomeko yomweyo mbali iliyonse, chifukwa mapazi a munthu satembenuka. Choncho a Manzere sanangokopera miyeso ya mbali inayo. Anagona chagada pansi pa dashibodi, mutu kumene kunkakhala mapazi a akazi awo, n'kuyeza mwatsopano kuchokera pakati. Anamangirira nati ku ulusi n'kuulendewetsa kuchokera pamene buleki idzapachikidwe, kuti aone pamene idzafike ikapondedwa mpaka pansi. Natiyo inakhudza kapeti. Anafunika kulemba pachitsulo penipeni, ndiye anakoka kapetiyo kuti aichotse.

Kapeti ya mbali imeneyi inali yosoka amake Nesi. Pafupifupi chaka chilichonse ankasoka ina n'kuyala okha, ndipo a Manzere ankawaseka kuti akusandutsa galimoto chipinda chochezera. Ya mbali ya amuna awo sanasokepo. Pansi pa kapetiyo panali ina yakale, pansi pa imeneyonso panali mphira wa fakitale. Mphirawo unali utabooka. Pabowopo penti anali atatha, chitsulo chili mbee ngati supuni, chitalowa m'kati pang'ono. Kukula kwake kunali kwa kutsogolo kwa nsapato yaing'ono ya kumanja. A Manzere anasiya ulusi uja kuti uleke kugwedera. Nati inaima pakati penipeni pa malo owalawo.

Anayezanso kachiwiri, poti makaniko sakhulupirira muyeso umodzi. Inaimanso pomwepo. Anakhala chigonere nthawi yaitali, choko m'manja, mpaka a Mbaliwali anabwera kudzaona ngati mnzawo wagona tulo. Anawerama movutikira, n'kuyang'ana, n'kupititsa chala pachitsulopo.

"Ndani ankaponda apa?"

"Mukufunsa ngati munkakhala anthu angati."

A Mbaliwali anakanda kumutu. Anali munthu wachifundo ngakhale pakamwa pake panali pa lumo. "Ndi matelala, achimwene. Phazi linazolowera kupalasa makina. Ngakhale m'tchalitchi amapalasa."

"Makina amapalasa ndi mapazi onse awiri, chidendene ndi zala," anatero a Manzere. "Apa ndi phazi limodzi, ndipo likukankha kutsogolo."

Iwo anali atakonza galimoto zambiri za ophunzitsa kuyendetsa, ndipo ankadziwa mmene pansi pamathera pamene munthu wokhala pambali amaponda buleki. Kusiyana kwake kunali kwakuti m'galimoto zimenezo buleki imakhalapodi. Analemba mtanda wa choko pakati pa malo owalawo, chifukwa ntchito inkafuna kuti alembe, n'kupempha a Mbaliwali kuti awapatsire dirilo yoboolera.

Masana amenewo Nesi anadutsa ndi chakudya m'kontena, monga ankachitira akaweruka msanga. Anapeza bambo ake atakhala pa tayala lakale, mphira wobooka uja uli pamiyendo.

"Amako ankaponda buleki," anatero asanapatsidwe n'komwe moni.

Nesi anayang'ana mphirawo, n'kuika kontena pabenchi pang'onopang'ono. Sanadabwe, ndipo kusadabwako a Manzere anakuona.

"Unkadziwa?"

"Ababa, amayi ankaiopa galimoto imeneyi."

"Ayi. Ankamanga mpango ine ndisanatulutse n'komwe makiyi."

"Ankamanga, inde. Mukabwerako inu munkatsala panja mukupukuta magalasi. Iwo ankalowa kubafa n'kukhala pamphepete pa bafa mpaka miyendo italeka kunjenjemera. Ine ndinkawapititsira madzi. Masiwiti a jinja aja anali oletsa mseru."

"Zaka zonsezi?"

"Kuyambira ndili wamng'ono."

"Nanga osanena bwanji? Pakamwa anali napo. Za nsapato zanga za girisi ankanena tsiku lililonse."

"Ndinawafunsapo. Anati, ndikatsala, bambo akowo awaonera ndani? Anati inu simungasiye kupita, ndiye bola akhalepo." Nesi anatsegula kontena n'kuitsekanso. "Anandiletsa kukuuzani. Anati mukadziwa musiya kusangalala, ndiye mantha awowo apita pachabe."

A Manzere anagwedeza mutu ngati auzidwa nambala ya bawuti. Anadya chakudya chonse, n'kutsuka kontena pampopi wa panja, n'kumubwezera mwana wawo. Nesi atachoka anabwerera pansi pa dashibodi n'kumanga bokosi la mapedulo. Mawu a Nesi anali m'mutu mwawo, onse, m'ndondomeko yake, koma anali ngati katundu wofikira pakhomo pamene mwini nyumba kulibe.

Masiku otsalawo anapita ndi tinthu ting'onoting'ono timene anthu saganizira. Anapinda mapaipi atsopano a mabuleki n'kuchotsa mpweya, a Mbaliwali akupopa pedulo n'kumadandaula za bondo. Anatalikitsa mawaya. Anatembenuza mawaipa kuti azipukuta mbali ya woyendetsa watsopano, anawongola magetsi akutsogolo kuti asamathobwe anzawo m'maso, anatseka mabowo akale a kumanzere ndi tizitsulo towotcherera n'kupaka penti. Galasi la kumanja linapezeka. Kapeti sanabwezeretse. Ntchito inatha kutatsala masiku awiri, ndipo inali yaukhondo moti munthu wosadziwa akanalumbira kuti kanabadwa choncho.

Lamlungu masana Nesi anabwera ndi makiyi m'chikwama. Anazungulira kagalimotoko, n'kupita kumanja mwachizolowezi, kenako n'kukumbukira n'kubwerera kumanzere. Anakhala pampando wa bambo ake, umene unali kutali ndi dashibodi, miyendo yake osafika n'komwe kutsogolo. A Manzere anadzipinda kulowa kumanja. Mawondo anagunda chiwongolero, chifuwa chili pafupi ndi hutala.

"Mpandowu simunausunthe?"

"Unakana."

"Muyendetsa bwanji chonchi?"

"Amako anakhalapo zaka makumi atatu. Ine ndilephera ola limodzi?"

Nesi anawapatsa makiyi. Injini inalira kamodzi kokha. Dzanja lawo lamanja linapita kukafuna giya n'kugunda chitseko, ndipo anachita kulikumbutsa kuti ntchito imeneyo tsopano ndi ya mnzake. M'tauni anayenda bwino. Pamphambano ankaima, pokhota ankakhota, Nesi akuyang'anitsitsa manja awo ngati akuwerenga kugunda kwa mtima wa wodwala. Atadutsa malo omwetsera mafuta omaliza, msewu unatseguka.

Galimoto yoyamba kukumana nayo inali thiraki ya mitengo. A Manzere anali ataiona misewu imeneyi kambirimbiri, koma kuchokera mbali ya udzu, kumene zobwera kutsogolo zimadutsa patali ngati nkhani za eni. Kuno kunali kwina. Kagalimotoko kanali kotsika moti matayala a thirakiyo anali pa msinkhu wa nkhope yawo. Anabwera molunjika, akukula, mabawuti ake akuoneka limodzilimodzi, n'kudutsa pafupi ndi chigongono chawo ndi mphepo imene inagwedeza galimoto yonse. Phazi lawo linachoka pa moto lokha n'kupita pa buleki. Sanalitume. Kenako inabwera basi, kenako thanki ya mafuta, ndipo ulendo uliwonse phazi linkapita pomwepo.

Pamtunda uja anapeza lole, ya njerwa ulendo uno, ikukwawa ndi utsi wakuda. A Manzere anasendera kumzere wapakati. Kwa nthawi yoyamba m'kagalimoto kameneka anaona okha kutsogolo kwa lole. Anaona kampata kamene kamakhalapo, kufupika kwake, ndi kadontho kakutali kamene sungadziwe ngati ndi njinga kapena basi mpaka katayandikira. Apa ndi pamene munthu ankayenera kusankha, m'kamphindi kochepa, ndi moyo wa anthu awiri, wina atakhala pambali akuimba kamluzu phazi lili lokonzeka. Ndipo akasankha ankagogoda kawiri ndi chala, modekha, phazi lake likukankha chitsulo chopanda kanthu.

"Kuno sindikuona chilichonse," anatero Nesi akusuzumira uku ndi uku. "Nambala yokha. Munkaona chiyani muli kuno?"

"Palibe."

"Ndiye munkangopita?"

"Ndinkamvera amako."

Kadontho kaja kanakhala njinga, n'kudutsa. Msewu unayera mpaka pamwamba pa mtunda. Kumbuyo galimoto ina inaliza hutala, kenako inatuluka n'kuwapitirira onse awiri, woyendetsa akuwayang'ana ngati akufunsa kuti galimoto yothamanga ngati imeneyi anaigulira chiyani.

"Kuli bwanji kutsogoloko, ababa?"

"Kuli koyera."

"Nanga?"

Phazi la a Manzere linali pa buleki, osaponda kwenikweni, kungokhudza, ndipo pansi pa pedulo ankadziwa chimene chinalipo. Dzanzi likamatha mwendo sumva bwino. Umabaya ngati walowa singano chikwi, ndipo munthu amalakalaka ukanangokhala wakufa. Zinayambira m'manja, n'kukafika m'chifuwa. Chinali chisoni, chimene anachidikira milungu isanu ndi umodzi, koma sichinabwere chokha. Chinabwera ndi manyazi. Anali atakhala pafupi ndi munthu zaka makumi atatu, phewa kukhudza phewa, akumva kulira kwa bawuti yomasuka kumbuyo kwa injini, koma osamva phazi la akazi awo likutha chitsulo. Ankati Lamlungu ndi mphatso imene ankawapatsa akazi awo. Wopatsidwa anali iwo eni.

Misozi inatsika osaipukuta, chifukwa manja onse anali pachiwongolero. Sanalire mokweza. Ankangopuma ngati munthu wokwera phiri, mphuno ikutuluka madzi, maso ali pa nambala ya lole. Nesi anawayang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Patapita kanthawi anatambasula dzanja n'kuliika pabondo la bambo ake. Iye ankangofuna kuwatonthoza. Koma m'galimoto imeneyi dzanja pabondo linali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo a Manzere anamvera. Anabwerera kumanzere, kumbuyo kwa lole, n'kusiya mpata waukulu.

Anaitsatira lole ija mtunda wonse, kutsetsereka konse, mpaka pamene inakhotera ku malo ena omanga nyumba. Galimoto khumi ndi zinayi zinawapitirira, ngakhale thirakitala inayesa. Pobwerera anapeza lole ina n'kuitsatiranso. Mphepo inali yochepa moti tsitsi la Nesi silinasokonekere n'komwe. A Manzere anaona zinthu za m'mbali mwa msewu zimene sanazionepo: sukulu yopakidwa penti wachikasu, mayi wogulitsa madengu, mlatho umene ankangoumva ndi matayala. Unali ulendo umene amake Nesi akanaukonda, ndipo unachedwa ndi zaka makumi atatu.

Atafika kunyumba anazimitsa injini n'kukhala kaye. Miyendo yawo inkanjenjemera. Anatulutsa makiyi n'kumupatsa Nesi, koma iye anawakankhira m'dzanja lawo n'kulipinda.

"Ndi anu. Ndiwauza amuna anga kuti bambo aja asabwere." Anatsegula chitseko, kenako anaima. "Mawa muwaitane a Mbaliwali adzautenthe mpandowo. Mawondo anu atupa."

"Usiye pomwepo," anatero a Manzere.

Nesi analowa m'nyumba. Iwo anatsala pampandopo, mawondo atagunda chiwongolero, akudikira kuti miyendo ileke kunjenjemera. Patapita kanthawi anamva mpopi wa kukhitchini ukutseguka, kenako Nesi anatuluka atanyamula kapu ya madzi.